Kudzilamulira—Mfungulo ya Chipambano cha Woseŵera

1, 2. (a) Kodi nchiyani chimene chinachitika pa Anfield mu March 1995? (b) Kodi tidzapenda mafunso otani m'nkhani ino?

PA March 14, 1995, khamu la ochemerera timu ya Liverpool linatuluka m'bwalo la Anfield, ku England, lili kakasi. Timu yawo inali itagonja ndi zigoli 3 kwa 2, ndipo zigoli zitatu zonse za Coventry City zinaloŵetsedwa ndi munthu mmodzi. Kwa zaka zoposa 30, panalibe mlendo aliyense amene anachitapo zoterozo m'bwalo limenelo. Kodi munthuyo anali yani? Anali Peter Ndlovu, mnyamata wazaka 22 zakubadwa amene anakulira ku Makokoba, lokeshoni yakale koposa ya mzinda wa Bulawayo, m'Zimbabwe. Zaka zinayi zokha m'mbuyomo, iye anali kuseŵerera timu ya kwawo ya Highlanders pabwalo la Barbourfields.

2 Komabe, Ndlovu sindiye yekha amene anali ndi luso m'Bulawayo. M'makwalala afumbi a Mzilikazi, Njube, Magwegwe ndi Luveve mwakulira anyamata ndi atsikana ambirimbiri aliŵiro ndi amphamvu, amene anansi awo anali otsimikiza kuti adzatchuka. Ochuluka a iwo sanafike patali. Ena anavulala, ena anagwa m'chakumwa, ndipo ena anangofooka nazimiririka. Kodi nchifukwa ninji luso lofanana limabala zotulukapo zosiyana chotero? Nzoona kuti umphaŵi ndi kusoŵa mwaŵi zatsekereza ambiri, ndipo sitiyenera kuchepetsa zimenezo. Koma pali chinthu china chimene chili m'manja mwa woseŵera mwiniyo, ndicho kudzilamulira. Kodi kudzilamulira nchiyani? Ndipo kodi ndimotani mmene inuyo, amene mukulakalaka chipambano m'maseŵero, mungakukulitsire?

Kodi Kudzilamulira Nchiyani?

3. Kodi kudzilamulira kumaphatikizapo chiyani, ndipo nchifukwa ninji mphunzitsi sangakuchitireni zimenezo?

3 Kudzilamulira ndiko kukhoza kwa munthu kutsogoza nthaŵi yake, thupi lake, mtima wake, ndalama zake ndi mayanjano ake kulinga ku chonulirapo chimene wasankha, popanda wina womlonda. Talingalirani chiŵerengero ichi. Mlungu umodzi uli ndi maola 168. Ngati mumayeseza ndi timu yanu kwa maola aŵiri patsiku, masiku asanu pamlungu, mphunzitsi wanu amakuonani kwa maola 10 okha. Kodi ndani amene amayang'anira maola 158 otsalawo? Ndinu. Mphunzitsi sangagone m'malo mwanu, sangadye m'malo mwanu, ndiponso sangakane moŵa m'malo mwanu. Chotero, zimene oonerera amaona Loŵeruka masana kwakukulukulu zimakhala zipatso za zimene munachita pamene panalibe wokuonani.

4. Kodi moyo wa Peter Ndlovu umasonyeza motani kuti luso lokha silokwanira?

4 Talingaliraninso za Ndlovu. Pamene anapita ku Coventry mu 1991, anali wazaka 18 zokha. Anasiya dzuŵa la Matabeleland, chakudya chozoloŵereka ndi achibale ake, kuphatikizapo akulu ake Madinda ndi Adam, amenenso anali akatswiri a mpira wachitanyu. Mu August 1992 anaseŵera mu Premier League imene inali itangoyamba kumene, ndipo amadziŵika monga woseŵera woyamba wa mu Afirika kuchita zimenezo. Iye anakhalabe m'matimu a ku England kwa zaka 13, ndipo mu 2004 anatsogolera timu ya dziko lake ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Tunisia, nthaŵi yoyamba imene Zimbabwe anafikako. Luso likhoza kupezera mnyamata malo m'timu. Koma kuti akhalemobe kwa zaka zonsezo, m'nyengo yachisanu ndi pakati pa alendo, pafunikira zoposa luso.

Dziikireni Zonulirapo Zofikirika

5. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa chikhumbo ndi chonulirapo?

5 Sitepe loyamba ndilo kudziŵa kumene mukupita. Achichepere ambiri amati: 'Ndifuna kukaseŵera ku Ulaya.' Chimenecho ndi chikhumbo chabe, pakuti sichimakuuzani chochita maŵa mmamaŵa. Ofufuza za maganizo a anthu, onga Edwin Locke ndi Gary Latham, anasonyeza kuti zonulirapo zachindunji ndi zovutirapo pang'ono zimasonkhezera munthu kwambiri kuposa kungomuuza kuti achite zonse zimene angathe. Motero wothamanga anganene kuti: 'Pofika mu August ndifuna kuchotsa masekondi 20 panthaŵi imene ndimathamanga mamita 5,000.' Woseŵera mpira anganene kuti: 'Tsiku lililonse ndidzamenya mpira nthaŵi 50 ndi phazi langa lamanzere.' Zonulirapo zotero nzopimika, ndipo zimadalira pa inuyo, osati pa woimbira maseŵero kapena pa osankha timu.

6. Kodi buku lolembamo kuyeseza kwanu lingakuthandizeni motani?

6 Ndiyeno lembani zimene mukuchita. Eliud Kipchoge wa ku Kenya, amene pa October 12, 2019, ku Vienna anathamanga mtunda wa marathon wa makilomita 42.195 m'ola 1, mphindi 59 ndi masekondi 40, ngwodziŵika ndi chizoloŵezi chake cha kulemba kuyeseza kwake m'mabuku chaka ndi chaka. Ngakhale atalemera, anapitiriza kugona pamsasa wamba wa othamanga ku Kaptagat, kumene anali kugwira ntchito zapamsasa limodzi ndi anzake. Inunso simufunikira chiŵiya chokwera mtengo. Kope la kusukulu nlokwanira. Lembanimo zimene mwachita, maola amene mwagona, ndi mmene thupi lanu likumvera. Pambuyo pa miyezi itatu, kopelo lidzakuuzani zoona zimene chikumbukiro chanu chikanabisa. Paja akulu amati tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha.

7. Kodi tikuphunziranji pa zimene zinachitikira timu ya akazi ya hockey ya Zimbabwe mu 1980?

7 Kodi nchifukwa ninji muyenera kudzikonzekeretsa ngakhale pamene palibe mpikisano waukulu umene ukuoneka patsogolo? Chifukwa chakuti mwaŵi sumapereka chenjezo. Mu 1980, maiko ambiri anakana kupita ku Maseŵero a Olympic ku Moscow, ndipo Zimbabwe, imene inali itangolandira kumene ufulu wodzilamulira pa April 18, inapemphedwa kutumiza timu ya akazi ya hockey patangotsala milungu yoŵerengeka. Akaziwo anali asanaseŵerepo pakapinga wopanga. Komabe sanagonje m'maseŵero awo onse asanu, ndipo atagonjetsa Austria ndi zigoli 4 kwa 1 analandira mendulo yagolidi. Patricia McKillop wa ku Bulawayo analoŵetsa zigoli zisanu ndi chimodzi mumpikisanowo. Kodi zimenezi zikanatheka akanakhala kuti anayamba kulimbitsa matupi awo atalandira chiitanocho? Kutalitali!

Lamulirani Nthaŵi Yanu

8. Kodi woseŵera wachichepere angalinganize motani mlungu wake?

8 Tayerekezerani mtsikana wa ku Pumula amene amathamanga mamita 800. Iye ali pasukulu, amathandiza amake kugulitsa ndiwo, ndipo pamasiku amene madzi atsekedwa m'mipope, monga momwe kwachitikira kaŵirikaŵiri m'Bulawayo, ayenera kukaima pamzera pachitsime. Kodi nthaŵi yoyeseza adzaipeza kuti? Ngati adikira kuti ipezeke yokha, sidzapezeka konse. Koma ngati Lamlungu madzulo akhala pansi ndi kulemba ndandanda ya mlunguwo, akumayamba ndi zinthu zosasunthika, adzaona mipata. Mwinamwake mphindi 40 mbandakucha nzotheka. Mwinamwake ola limene amathera pafoni lingakhale la homuweki. Ndiponso, pamene makolo aona ndandandayo ndi kuona kuti ntchito zapanyumba sizikunyalanyazidwa, kaŵirikaŵiri amakhala ofunitsitsa kuchirikiza mwana wawo.

9. Kodi chokumana nacho cha Benjani Mwaruwari chimasonyeza motani kufunika kwa kusunga nthaŵi?

9 Kusunga nthaŵi nkofunika ngakhale kwa akatswiri. Benjani Mwaruwari, amene anabadwira m'Bulawayo mu 1978 m'banja lochokera ku Malaŵi, anatsala nenene kuphonya mwaŵi waukulu. Pa January 31, 2008, tsiku lomaliza la kugula oseŵera, iye anafunikira kuchoka ku Portsmouth kupita ku Manchester City. Manyuzipepala anasimba kuti anaphonya ndege, nafika ku Manchester usiku kwambiri, kwakuti kusainirana mapepala kunadzetsa mkangano. Nkhaniyo inathetsedwa pa February 5, ndipo masiku asanu pambuyo pake iye analoŵetsa chigoli pa Old Trafford pamene timu yake yatsopano inagonjetsa Manchester United ndi zigoli 2 kwa 1. Zinamthera bwino. Koma kodi wachichepere wosadziŵika amene wachedwa pa tsiku la kupimidwa luso angayembekezere kuti adzamdikira masiku asanu?

10. (a) Kodi kufufuza kwasonyezanji ponena za tulo? (b) Kodi inuyo mungachitenji?

10 Mbali ya nthaŵi yanu imene simuyenera kuba ndiyo ya tulo. Mnofu sumakula pamene mukuyeseza. Umakula pamene mukupuma pambuyo pake. Madokotala amalangiza kuti azaka 13 kufikira 18 azigona maola 8 kufikira 10 usiku uliwonse, ndipo achikulire maola osachepera 7. M'kufufuza kofalitsidwa mu 2011, oseŵera basketball 11 a pa Stanford University, ku United States, anapemphedwa kukhala pakama maola 10 usiku uliwonse kwa milungu ingapo. Chotulukapo chake? Anayamba kuthamanga mofulumirapo, ndipo kuponya kwawo kolunjika kunawonjezeka ndi 9 peresenti. Palibe mankhwala ololedwa amene angakupatseni phindu lotero kwaulere. Chotero dziikireni ola logonera, ndipo ikani foni patali ndi mphasa yanu.

Samalirani Thupi Lanu

11. Kodi woseŵera wosauka angadye motani moyenera?

11 Thupi lanu ndilo chiŵiya chanu chogwirira ntchito, ndipo mulibe lina losinthira. Ena amaganiza kuti chakudya cha woseŵera chiyenera kuchokera m'zitini zokwera mtengo. Zimenezo sizoona. Nsima, imene anansi athu Achindebele amatcha isitshwala, limodzi ndi mbatata, mpunga ndi buledi, zimapereka nyonga yothamangira. Nyemba, nandolo, mtedza, mazira, matemba ndi mkaka wosasa zimamanga mnofu umene waphwanyika poyeseza. Masamba obiriŵira, chiŵindi ndi nyama zimathandiza magazi, chinthu chofunika makamaka kwa atsikana, amene amataya magazi mwezi ndi mwezi. Chimene chimavuta ambiri sindicho mtundu wa chakudya koma nthaŵi yake. Kupita kokayeseza m'mimba muli pululu, kapena kukhuta kwambiri patangotsala mphindi zoŵerengeka, zonse ziŵiri zimafooketsa. Idyani chakudya chachikulu maola atatu kapena anayi maseŵero asanayambe.

12. Kodi mungadziŵe motani ngati mukumwa madzi okwanira?

12 Bwanji nanga za madzi? Bulawayo ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,350 pamwamba pa nyanja, ndipo mpweya wake ngwouma, makamaka m'kutentha kwa October mvula isanagwe. M'mikhalidwe yotero thukuta limauma msanga, kwakuti munthu sazindikira kuchuluka kwa madzi amene wataya. Akatswiri apeza kuti pamene woseŵera ataya madzi oposa 2 peresenti ya kulemera kwa thupi lake, kupirira kwake kumayamba kuchepa. Kwa munthu wa makilogalamu 60, amenewo ndi makilogalamu 1.2 okha. Ngati mungapeze sikelo, dzipimeni musanayeseze ndi pambuyo pake; kilogalamu iliyonse yotayika ikuimira pafupifupi lita imodzi ya madzi. Ngati mulibe sikelo, yang'anani mkodzo wanu. Ukakhala wachikasu kwambiri, thupi likupempha madzi.

13. Kodi nchifukwa ninji kubisa chivulazo kuli kupanda nzeru?

13 Kudzilamulira kumatanthauzanso kudziŵa nthaŵi yolekeza. Woseŵera woopa kutaya malo ake m'timu angayesedwe kubisa bondo lotupa kapena kumwa mibulu yoletsa ululu kuti aseŵere. Koma ululu wobaya, wokhala pamalo amodzi, umene umakula pamene mukuthamanga, ndiwo chenjezo la thupi. Kupuma milungu iŵiri lerolino kungakupulumutseni ku kupuma chaka chathunthu. Chowopsa koposa ndicho kugunda mutu. Woseŵera amene wachita chizungulire, kusanza kapena kusokonezeka maganizo atagundidwa ayenera kutuluka m'bwalo nthaŵi yomweyo, ndipo sayenera kubwereramo tsiku limenelo kapena asanapimidwe ndi dokotala. Kuuza mphunzitsi zoona ponena za thupi lanu sikuli mantha ayi. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Landirani Uphungu, Lamulirani Mtima

14, 15. (a) Kodi Henry Olonga anayang'anizana ndi chiyeso chotani mu 1995? (b) Kodi anachita motani, ndipo panali zotulukapo zotani?

14 Palibe woseŵera amene amakonda kuuzidwa kuti akulakwitsa, makamaka pamaso pa anthu. Talingalirani za Henry Olonga, amene anabadwira ku Lusaka mu 1976, nakulira ku Bulawayo, naphunzira pasukulu ya Plumtree. Kuchiyambi kwa 1995, ali ndi zaka 18, anakhala munthu wakuda woyamba kuseŵerera Zimbabwe m'maseŵero aakulu a cricket otchedwa Test, polimbana ndi Pakistan ku Harare. Iye anatulutsa womenya mpira wa Pakistan atangoyamba kumene kuponya. Komano m'maseŵero omwewo woweruza analengeza kuti kaponyedwe kake kanali koswa lamulo, pakuti m'cricket woponya saloledwa kuwongola chigongono monga munthu wogenda mwala. Tangoganizani manyazi ake! Chinthu chenichenicho chimene chinamfikitsa m'timu chinanenedwa kukhala cholakwika.

15 Kodi Olonga anachitanji? Akanatha kuimba mlandu woweruzayo, kapena kungosiya maseŵerowo. M'malo mwake, anavomera kuphunzira kuponya mwatsopano, akumalandira chithandizo cha Dennis Lillee, katswiri wakale wa ku Australia. Kusintha chizoloŵezi cha dzanja kumafuna kubwereza kosaŵerengeka, ndipo poyamba munthu amaoneka ngati akubwerera m'mbuyo. Koma khama lakelo linafupidwa. Pa May 19, 1999, pampikisano wa World Cup ku Leicester, pamene India inali pafupi kupambana, Olonga anatulutsa omenya mpira atatu omalizira m'kuponya kochepa chabe, ndipo Zimbabwe inapambana. Kodi inuyo mumachita motani mphunzitsi akakudzudzulani? Kumbukirani kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Funsani kuti: 'Kodi ndikonze chiyani kwenikweni, ndipo motani?'

16. Kodi nchiyani chimene chingakuthandizeni kupirira nyengo imene zinthu sizikuyenda?

16 Chiyeso china ndicho nyengo youma, pamene khama likuoneka kukhala losabala kanthu. Pamene Benjani anafika ku Portsmouth mu January 2006, atagulidwa ndi ndalama zambiri kuposa woseŵera aliyense amene timuyo inagulapo kufikira panthaŵiyo, anaseŵera maseŵero 14 osaloŵetsa chigoli ndi chimodzi chomwe. Kwa woseŵera kutsogolo, umenewo ndi mtolo wolemera. Komabe iye sanaleke kuthamangira mpira uliwonse ndi kuvutitsa otchinga kumbuyo, ndipo ochemerera anamkonda kaamba ka zimenezo. Pa April 29, ku Wigan, chigoli chake choyamba chinathandiza kupulumutsa timuyo kuti isatsike m'ligi. Mu September 2007 analoŵetsa zigoli zitatu pamene Portsmouth inagonjetsa Reading ndi zigoli 7 kwa 4. Phunziro lake nlakuti: Pamene simungalamulire chotulukapo, lamulirani khama lanu.

17. (a) Kodi mkwiyo wosalamulirika ungawononge motani ntchito ya zaka zambiri? (b) Kodi mungadzikonzekeretse motani kaamba ka kuputidwa?

17 Mkwiyo nawonso uyenera kumangidwa chingwe. Pa July 9, 2006, ku Berlin, m'maseŵero omaliza a World Cup, Zinedine Zidane wa ku France, mmodzi wa akatswiri opambana a m'nthaŵi yake, anaputidwa ndi mawu a Marco Materazzi wa ku Italy namgunda ndi mutu pachifuŵa. Anasonyezedwa khadi lofiira, timu yake inagonja pamapenate, ndipo amenewo ndiwo anali maseŵero ake otsiriza. Ngati zimenezo zinachitikira munthu wazaka 34 wozoloŵera mabwalo aakulu, kuli bwanji inuyo? Opikisana nanu adzakutukwanani dala, ndipo woimbira maseŵero nthaŵi zina adzalakwitsa. Sankhiranitu chochita: tembenukani, kokani mpweya pang'onopang'ono katatu, ndi kubwerera pamalo anu. Yesezani zimenezi pamaseŵero oyeserera, kufikira zitakhala chizoloŵezi.

Chenjerani ndi Misampha

18. Kodi nchifukwa ninji woseŵera ayenera kusamala ndi chilichonse chimene akumwa?

18 Pamene chipambano chikuchedwa, padzapezeka munthu wokusonyezani njira yachidule. Pa September 24, 1988, ku Seoul, Ben Johnson wa ku Canada anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.79, koma patapita masiku atatu analandidwa mendulo yake yagolidi chifukwa cha mankhwala olimbitsa mnofu opezedwa mumkodzo wake. Mu 1999 kunakhazikitsidwa bungwe la World Anti-Doping Agency, limene mpambo wake wa mankhwala oletsedwa umayamba kugwira ntchito mwatsopano pa January 1 chaka chilichonse. Lamulo lake nlakuti woseŵera ali ndi thayo la chilichonse chopezeka m'thupi mwake, kaya anachimwa modziŵa kapena mosadziŵa, ndipo chiletso chingafike zaka zinayi. Chotero musamwe ufa, mibulu kapena mankhwala azitsamba amene simudziŵa zimene zilimo, ngakhale wokupatsaniyo akhale bwenzi. Safunsa anadya phula.

19. Kodi nkhani ya Heath Streak ili ndi chenjezo lotani?

19 Msampha wina umadza ukumwetulira. Heath Streak, wobadwira m'Bulawayo mu 1974, anatulutsa omenya mpira nthaŵi 216 m'maseŵero 65 a Test, natsogolera timu ya dziko lake, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi wake. Komabe, mu April 2021 bungwe la International Cricket Council linamletsa kuchita nawo za cricket kwa zaka zisanu ndi zitatu, iye atavomera milandu isanu ya kuswa malamulo oletsa ziphuphu. Anali ataulula zinsinsi za matimu kwa munthu wina wogwirizana ndi otchova juga, ndipo analandira mphatso, kuphatikizapo ndalama za bitcoin ndi foni, osadziŵitsa akuluakulu. Streak anapepesa poyera, akumanena kuti sanagulitsepo maseŵero alionse. Anamwalira ndi kansa pa September 3, 2023, chiletsocho chisanathe. Ambiri amamkumbukirabe mwachikondi. Koma nkhani yake imatikumbutsa kuti mlendo wopereka mphatso popanda chifukwa amadzafuna malipiro ake tsiku lina.

20. Kodi ndi malamulo otani amene angatetezere ndalama zanu ndi mbiri yanu?

20 Kodi mungadzitetezere motani? Choyamba, musavomere mphatso kwa munthu wofuna kudziŵa amene wavulala kapena amene adzaseŵera, ndipo dziŵitsani akuluakulu a timu mwamsanga. Chachiŵiri, musabetche pamaseŵero anu. Malamulo a FIFA amaletsa oseŵera mpira kuchita zimenezo. Chachitatu, musasaine pangano limene simunaŵerenge pamodzi ndi munthu wachikulire wodalirika, ndipo chenjerani ndi aliyense wofuna kuti makolo anu agulitse ng'ombe kapena nyumba kuti akupezereni timu kunja. Chachinayi, pamene malipiro ayamba kubwera, patulani zosunga musanagule kanthu. Kuthandiza achibale nkoyenera, koma gwirizanani nawo za mlingo umene mungakwanitse. Ndipo pendani mabwenzi anu. Kodi amakukumbutsani za kuyeseza kwa maŵa, kapena amakuitanirani botolo lina?

Kherere Womaliza Akadzalira

21. Kodi nchifukwa ninji woseŵera ayenera kukonzekera moyo wa pambuyo pa maseŵero?

21 Ntchito ya maseŵero njaifupi. Oseŵera mpira ochuluka amaleka asanafike zaka 40, ndipo ambiri amalekezedwa kale kwambiri ndi chivulazo. Zinthu zina zimangogwa mwadzidzidzi. Olonga anaseŵerera dziko lake komaliza mu 2003, ali ndi zaka 26 zokha, pambuyo pakuti iye ndi Andy Flower anavala nsalu zakuda pamkono posonyeza kudandaula ndi mkhalidwe wa dziko lawo. Anachoka m'Zimbabwe, ndipo luso lake lina, la kuimba, limodzi ndi kulankhula pawailesi ponena za cricket, linamthandiza kuyamba moyo watsopano. Peter Ndlovu, ataleka kuseŵera, anagwira ntchito ya kuyang'anira timu ya Mamelodi Sundowns ku South Africa. Nanga inuyo mudzachitanji? Musasiye sukulu kaamba ka lonjezo wamba. Phunzirani ntchito yamanja, kapena pezani satifiketi ya uphunzitsi wa maseŵero, mudakali amphamvu.

22. Kodi makolo ndi aphunzitsi angathandize motani?

22 Ngakhale kuti kudzilamulira kuli thayo la munthu mwini, sikumaphunziridwa kwayekha. Makolonu, kodi funso lanu loyamba mwana akabwera kumaseŵero limakhala lakuti, 'Kodi mwapambana?' Bwanji osafunsa kuti, 'Kodi waphunzirako chiyani lero?' Aphunzitsinu, kodi mumapangira oseŵera anu chosankha chilichonse? Wachichepere amene sanaloledwepo kulinganiza kanthu payekha adzasokonezeka pamene adzakhala yekha m'nyumba yalendi ku Johannesburg kapena ku Brussels. Mpatseni mathayo aang'ono: asunge yekha kope lake, akonze yekha nsapato ndi madzi ake, ndipo afotokoze yekha zimene analakwitsa inu musanamuuze. Mwa njira imeneyi mudzakhala mukuumba munthu, osati miyendo yokha.

23. Kodi ndi mphotho yotani imene munthu wodzilamulira ali wotsimikiza kuipeza?

23 Kodi kudzilamulira kumatsimikiziritsa kuti mudzafika pa Anfield kapena ku Maseŵero a Olympic? Ayi. Malo pamwambapo ngochepa, ndipo ofunapo ngambiri. Koma popanda iko, ngakhale luso lalikulu koposa limatayika monga madzi otungira m'dengu. Ndiponso, munthu amene waphunzira kudzuka panthaŵi yake, kulandira uphungu, kuugwira mtima ataputidwa, ndi kukana ndalama zachinyengo, wapeza chuma chimene chidzamthandiza pantchito, muukwati ndi polera ana, zaka zambiri ochemerera ataiŵala dzina lake. Chotero musadikire nyengo yamaŵa. Usiku uno tengani kope, lembani chonulirapo chimodzi, ndi kugona panthaŵi yake. Maola 158 aja akukuyembekezerani.

Kodi Mungayankhe Motani?

◻ Kodi nchifukwa ninji maola amene mphunzitsi sakuonani ali ofunika koposa?

◻ Kodi chonulirapo chabwino chimasiyana motani ndi chikhumbo wamba?

◻ Kodi tulo, chakudya ndi madzi zimayambukira motani kaseŵeredwe kanu?

◻ Kodi mwaphunziranji kwa Henry Olonga, Benjani Mwaruwari ndi Heath Streak?

◻ Kodi nchifukwa ninji muyenera kukonzekera tsopano lino moyo wa pambuyo pa maseŵero?